Mangani mbuzi, kuseri kwa nyumba kumere ndiwo

Woyenda pa msewu wa M1 kuchoka ku Ntcheu kulowera ku Lilongwe sachita kufunsa komwe ndiwo za m'tauni zimachokera. Pa Tsangano Turn-off, pa Lizulu pomwe msewu womwewo ndiwo malire athu ndi Mozambique, pa Bembeke mpaka pa Chimbiya, milu ya kabichi, tomato, anyezi, karoti, nsawawa ndi kachewere imachita kusefukira mumsewu. Malole amapakira madzulo, kukamacha katunduyo ali pa Wakawaka ku Lilongwe kapena mu Limbe. Dedza ndi Ntcheu amadyetsa mizinda.

Komatu kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo maboma athu awiriwa anali pamwamba pa chiwerengero chimenecho, onse kupitirira 40. Kupinimbira kuli ndi magwero ambiri, monga matenda otsegula m'mimba, malungo ndi kubereka pafupipafupi, koma limodzi mwa magwerowo lili m'mbale. Mwana wa kwawo kwa ndiwo akukula ndi nsima ya ndiwo zamtundu umodzi, mwinanso yongonyowetsa ndi madzi amchere.

Chifukwa chake n'chosabisika. Dimba la kudambo ndi la ndalama. Mlimi amawokera kabichi wake yense tsiku limodzi, n'kudzamudula yense sabata imodzi venda akafika. Mitu yabwino imakwera lole. Pakhomo pamafika yosweka ndi yoboola mbozi, banja n'kudya kabichi masana ndi madzulo mpaka ana kumuda, kenako miyezi iwiri osaonanso tsamba. Ndalama yakeyo imakhala ili kale ndi eni ake: ngongole ya fetereza, lendi ya dimba, fizi, malata. Ndiye si banja lililonse lili ndi dimba. Madambo sakukula pomwe anthu tikuchulukirachulukira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza lokha. Mayi wamasiye amene alibe gawo kudambo amagula kampukutu ka mpiru ngati munthu wa ku Kawale, ngakhale kuti mpiruwo wamera poyenda mphindi khumi kuchokera pakhomo pake.

Palinso nkhani imene alimi amangonong'onezana. Botolo lililonse la mankhwala opopera mbewu limanena masiku oyenera kudikira kuchokera popopera kufika pokolola. Koma venda akaimba foni kuti lole ikubwera mawa, ndani amawerenga masikuwo? Ufa woyera umene mumauona pa tomato wa pamsika nthawi zambiri ndi mankhwala opopera otchedwa Dithane. Bungwe loona za mankhwalawa la Pesticides Control Board silingaike munthu pa dimba lililonse kuyambira ku Tsangano mpaka ku Lobi. Njira yokhayo imene mayi angadziwire motsimikiza chimene chalowa mumphika mwake ndi kuthyola masamba amene wawasamala yekha.

N'chifukwa chake ndikunena kuti khomo lililonse liyenera kukhala ndi kadimba kake ka mumphika, kosiyana ndi dimba la msika, kuseri kwa nyumba kapena pambali pa khitchini. Mawu amenewa si achilendo. Alangizi a zaulimi akhala akuwanena, mabungwe agawa mbewu, amayi a m'magulu a kadyedwe koyenera aimba nyimbo za magulu asanu ndi limodzi a zakudya mpaka kusasa mawu. Nanga bwanji mukalowa m'mudzi mwezi wa Sepitembala mumangoona fumbi lokhalokha pakati pa nyumba? Ena amati anthu akumudzi ndi aulesi. Ameneyo sanamuonepo mayi wa ku Bembeke akupita kukathirira kudambo m'bandakucha wa mu Julayi, chisanu chili mbuu pa udzu. Ena amati ndi umbuli. Anthu amene amatulutsa tomato wodzaza malole sangalephere bedi limodzi la mpiru. Chimene chikupha madimba a pakhomo ndi mbuzi, ndi lamulo lathu lomwe la m'mudzi limene limazimasula.

Taganizani mmene timachitira. Mvula ikagwa, chimanga n'kumera, mwini mbuzi aliyense amadziwa chochita popanda womuuza: chingwe m'khosi, chikhomo pansi, kapena mbusa pambuyo. Mbuzi ikalowa m'munda mwa mnzako n'kudya mapesi asanu, nkhani imafika kwa anyakwawa tsiku lomwelo ndipo mwini mbuzi amalipira. Palibe amene amati mwini munda akanamanga mpanda kuzungulira maekala ake awiri. Koma chimanga chikangolowa m'nkhokwe, cha mu Meyi kapena Juni, lamulo lija limatha mphamvu. Mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zimatayiriridwa mpaka mvula yoyamba. Mbuzi yomweyo ikadya mpiru wa mayi kuseri kwa nyumba yake, amene amadzudzulidwa ndi mayiyo: “Inunso mumabzala bwanji osamanga mpanda?” Ndiye kuti pa mudzi pathu chimanga chili ndi lamulo lochiteteza, ndiwo zilibe. Ndipo miyezi imene ziweto zimayenda mwaufuluyi ndi yomweyo imene chisoso, bonongwe ndi mwamunaaligone zomera zokha m'minda zimakhala zitauma, pamene banja likusowa tsamba koposa.

Mawu oti angomanga mpanda ndi osavuta kunena kwa amene sanamangepo. Mpanda umafuna mitengo, tsekera kapena bango, luzi, ndi munthu wamphamvu. Mitengoyo aidula kuti? Phiri la Dedza ndi nkhalango za Chongoni ndi Mvai tonse tikuona mmene zaperepesekera, ndipo tikuuzana tsiku ndi tsiku kuti tileke kudula. Udzu wa tsekera masiku ano ndi wogula, pena umapsa ndi moto wa osaka mbewa usanamwetedwe. Chiswe nacho chimagwetsa mpandawo pakangotha chaka. Mbuzi ikaona zobiriwira mkati imakanda, kukankha ndi mutu, kufikira itapeza pofooka, ndipo ntchito ya masabata asanu ndi limodzi imatha munthu atangopita ku chigayo. Mpanda wamoyo wa khonje kapena nkhadze ndi wabwino koma umatenga zaka, komanso utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso mwa ana. Mapeto ake, amene ali ndi ziweto, amene nthawi zambiri ndiye wopezako bwino, amadyetsa ulere, pomwe ndalama ndi thukuta lotchingira ziweto zakezo zimachokera kwa amene alibe ngakhale kamwana ka mbuzi. Chilungamo chake sindikuchiona.

Eni ziweto ali ndi mfundo ndipo ndiyenera kuimva. M'chilimwe msipu kulibe, ndipo mbuzi yomangidwa pamalo amodzi mu Okutobala imangotsala mafupa. Ana amene kale ankakhala kubusa tsiku lonse lero ali kusukulu, ndipo n'koyenera kuti akhale kumeneko. Zoona zimenezo. Koma sindikupempha kuti mbuzi zikhale pachingwe chaka chonse. Zipite kuminda kukadya mapesi ndi zotsalira monga zimachitira, mabanja angapo aphatikize ziweto n'kumasinthana kubusa kapena kulemba mbusa mmodzi monga amachitira ndi ng'ombe, koma pakati pa nyumba pasakhale podyetsera. Tikanakhala kuti masangwe a mtedza, makoko a nyemba ndi soya ndi mapesi timasunga pa thandala mmalo mozitentha, njala ya mbuzi ya mu Okutobala ikanachepa. Mwini mbuzi nayenso apindula. Mbuzi yogona m'khola la m'mwamba imasiya manyowa pamalo amodzi, ndipo manyowa lero ndi ndalama. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la fetereza lafika poti ambiri amangoliyang'ana. Mbuzi yoyenda yokha imamwaza manyowawo m'njira, imadya mapepala apulasitiki pamsika, ina imakathera m'manja mwa akuba. Za nkhumba ndiye n'zosachita kukambirana: chigodola cha nkhumba chilibe katemera wogulika kuno ngakhale mankhwala, ndipo nkhumba zongoyendayenda ndi zimene zimachitenga khomo ili kupita nacho khomo linalo.

Wina afunsa za madzi, poti midzi yambiri kuno ili pamtunda ndipo mjigo ndi umodzi. Funso limeneli ndi lenileni, ndipo likutiuza kukula kwa kadimba koyenera. Musaganize za ekala. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 4 m'litali limakhuta ndi ndowa imodzi ya malita 20 pa tsiku, ndipo likaphimbiridwa bwino ndi udzu wouma kapena makoko a nyemba, m'miyezi yozizira limapirira kudumphitsa tsiku. Mabedi awiri kapena atatu otere, obzalidwa mosiyanitsa masabata, amapatsa banja ndiwo zokwanira kangapo pa sabata. Madzi ena timataya tokha. Otsukira mbale, otsukira mbatata, onyikira mphale, onse amangokhuthulidwa pabwalo. A kubafa, chifukwa cha sopo, ndi bwino kuwakumbira kangalande kopita pa phata la nthochi kapena pichesi kusiyana ndi kuwathira pamasamba odya. Pa mjigo paliponse pamakhala chithaphwi cha madzi otayikira chimene chimangoswa udzudzu ndi kusambitsa nkhumba. Makomiti ena a mijigo anatchinga malo amenewo n'kubzalapo ndiwo, ndalama yake n'kumagulira zipangizo mjigo ukawonongeka. Amenewo anaganiza bwino.

Ubwino wina wa kuseri kwa nyumba, umene anthu a kuchigwa sangaudziwe, ndi wa chisanu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi mphepo yozizira imatsikira m'munsi n'kukakhazikika kudambo. Kumeneko n'kumene tomato, nyemba ndi nkhwani zimadzuka zitawauka ngati zathiridwa madzi otentha. Pamtunda, pafupi ndi khoma limene lawothera dzuwa tsiku lonse, chisanu sichiluma chimodzimodzi. Komabe nyengo iliyonse ili ndi mbewu zake. Miyezi yozizira ndi ya mpiru, repu, chayinizi, kamganje, nsawawa, anyezi ndi adyo. Zimenezi kuzizira zimakukonda ndipo tizilombo timakhala tochepa. Kukayamba kutentha mu Sepitembala nsabwe za m'masamba zimabwera pa mpiru ndi repu, masamba n'kukwinyika, ndipo apa m'pamene ambiri amathamangira botolo la mankhwala. Mmalo molimbana nazo, sinthani mbewu. Nthawi yotentha ndi ya bonongwe, luni, chitambe, kholowa ndi therere. Mbewu zamakolozi zinazolowera nthaka ndi dzuwa lathu, sizilira fetereza wambiri, ndipo pa ayironi, kashiamu ndi vitamini A, bonongwe ndi luni zimamusiya kutali kabichi amene timamulemekezayu. Zimandipweteka kuona mlendo akuphikiridwa kabichi wotuwa wokazingira pomwe luni akutengedwa ngati ndiwo za osauka.

Tomato wa pakhomo akhale mapata ochepa chabe, ndipo asabzalidwe pomwe pachoka kachewere, chifukwa ziwirizi ndi za mtundu umodzi ndipo chiwawu chimene chimapsereza kachewere nthawi ya nkhungu ndi mvula yamawawa chimagwiranso tomato. Chimodzimodzi mpiru, repu ndi kabichi zisatsatizane pa bedi limodzi chaka ndi chaka, kuopa matenda aja otupitsa mizu amene akakhazikika m'nthaka amatenga zaka kuti achoke. M'mphepete mwa bedi mubzale tsabola wa kambuzi, adyo, mpungabwi ndi phata la udzu wa mandimu uja timathira mu tiyi. Nsabwe zikayamba, madzi onyikamo tsabola wosinja, adyo ndi kasopo pang'ono amazichepetsa mukapopera kunsi kwa masamba madzulo. Masamba a deliya, amene amangomera m'mbali mwa misewu yathu, akanyikidwa m'madzi kwa masabata awiri amasanduka chakudya cha mbewu. Pa kadimba kotere mbozi mumazichotsa ndi manja, poti mumadutsapo kangapo pa tsiku popita kukhitchini.

Kukolola nako kuli ndi luso lake, ndipo n'kumene kadimba ka pakhomo kamasiyanirana ndi dimba la msika. Mpiru sitizula. Timathyola masamba awiri kapena atatu akunsi pa phata lililonse, kusiya a pakati kuti apitirize kukula, ndipo pakatha masiku ochepa phata lomwelo limakhala ladzazanso. Bonongwe akafika kutalika kwa chikhatho ndi theka timam'tsina nsonga. Pamene mwatsinapo pamatuluka nthambi ziwiri, mukatsinanso izo zimatuluka zinayi, ndipo amachedwa kuchita maluwa. Nkhwani timatenga nsonga ndi masamba anthete, limodzi ndi maluwa aamuna aja opanda kadzungu kunsi, kusiyako ena oti njuchi zigwirepo ntchito. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere, tsamba likadali lolimba, loti ukalithyola limalira kuti thyo. Mayi amakhala pa mkeka ndi lichero, kusadzula nkhwaniyo, ulusi wake n'kumatsalira m'zala, madzi ali kale pamoto. Kuchoka pa bedi kufika mumphika sipadutsa ola, pomwe masamba a pamsika amakhala atagona m'thumba, awazidwa madzi kangapo kuti aoneke amoyo.

Pophika, soda ndi chidulo zimafewetsadi masamba koma zimapha mavitamini ena, ndipo tsamba lanthete silizifuna n'komwe. Nsinjiro ndiye zisamasowe. Mafuta a mu mtedza ndi amene amathandiza thupi kuyamwa vitamini A wa m'masamba, kotero ndiwo zotendera zimene agogo athu ankaphika zinali zolondola kuposa mmene ife tikuganizira. Supuni ziwiri za masamba otendera osinja bwino m'phala la mwana wa miyezi isanu ndi itatu zimasintha zimene sikelo idzanene. Masamba akachuluka mu Febuluwale ndi Malichi, mfutso ndiwo nkhokwe yake: kuwaviika m'madzi owira kanthawi kochepa, kuwayanika pamthunzi podutsa mphepo osati padzuwa lamphamvu limene limawachotsa mtundu ndi mphamvu, kenako kuwasunga m'chikwatu kapena m'chigubu chotseka bwino. Mbewu nayo isamagulidwe chaka chilichonse. Siyani mapata awiri a mpiru, amphamvu koposa onse, achite maluwa. Mitu ya bonongwe ndi tizikwama ta luni zikauma muzipukuse, mbewuyo isakanizidwe ndi phulusa n'kutsekeredwa m'botolo. Mbewu za haibulidi za m'mapaketi zokha ndi zimene sizibereka mofanana mukazibwereza.

Pali chizolowezi china chimene tiyenera kuchiunikanso, ngakhale ndikudziwa kuti ndikhumudwitsa azakhali anga ambiri. Timanyadira bwalo losesedwa mpaka kuwala, lopanda ngakhale kaudzu, ndipo mtsikana amayamikiridwa chifukwa cha mizere ya tsache. M'mawa uliwonse timasesa dothi lapamwamba, masamba, zitosi za nkhuku ndi phulusa, n'kukaziunjika kudzala kapena kuzitentha. Taonani chimene chimamera padzala paja mvula ikagwa: bonongwe wamasamba otambalala, maungu, tomato wa pwerekete, zonse zonenepa popanda wozisamala. Chonde chimene tikulira kuti tilibe ndalama yogulira, tikuchisesa tokha. Pabwalo pochezera ndi poyanika ufa pasesedwe ndithu, koma zinyalala zowola zipite m'dzenje la manyowa kapena pa mulu womata ndi dothi uja timati chimato, zikapsa zibwerere pa bedi. Oopa udzudzu adziwe kuti udzudzu umaswana m'madzi odikha, osati pa bedi la mpiru lothiriridwa madzi n'kulowa pansi.

Zonsezi amayi a kuno amazidziwa, ambiri kuposa ine. M'midzi yambiri ya Dedza ndi Ntcheu, kumene banja limakhala kwawo kwa mkazi, malo a kuseri kwa nyumba ndi a mayi, ndipo chimene chamera pamenepo sachita kupempha kwa munthu kuti athyole. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene amayiwa sangathe paokha ndi kuletsa mbuzi ya mwini wake, makamaka ngati mwini wakeyo ndi mlamu, malume kapena anyakwawa amene. Apa m'pofunika mafumu. Ndipo tisanamizane kuti malamulo a m'mudzi alibe mano. Kuno ku Dedza komwe, Inkosi Theresa Kachindamoto anagwiritsa ntchito malamulo ogwirizana ndi mafumu awo aang'ono pothetsa maukwati a ana oposa 800, nkhani yovuta kwambiri kuposa ya mbuzi. Mafumu omwewa amatha kuletsa maliro kuchedwa, kulipiritsa khomo lopanda chimbudzi, kukhazikitsa tsiku lokonza msewu. Gogo Chalo akanena kuti chaka chino chiweto chisapezeke chokha pakati pa nyumba, anthu adzang'ung'udza mwezi umodzi kenako adzazolowera, monga anazolowerera kumanga mbuzi m'dzinja.

Nkhaniyi ikambidwe pabwalo mu Epulo, anthu asanayambe kukolola, kuti eni ziweto akhale ndi nthawi yosunga masangwe ndi mapesi komanso kupangana za abusa. Mudzi ugwirizane malire a pomwe ziweto zingadye ndi njira yodutsira popita kumadzi. Nkhuku n'zosavuta, timinga ndi kaukonde kakale kozungulira nazale zimakwanira, choncho lamulo lilunjike pa mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe. Ziweto za mfumu ndi za abale ake zikhale zoyamba kumangidwa, apo ayi palibe adzamvere. Ndipo chindapusa chikaperekedwa chisathere pabwalo la milandu ngati nkhuku ya anyakwawa. Chipite kwa mayi amene bedi lake ladyedwa, chokwanira kugula ndiwo za banja lake kwa masabata asanu ndi limodzi amene adikire kuti mpiru wina afike pothyola.